Kumene Madzi Amagawidwa ndi Wotchi

Mwezi uno tsamba lathu likutulutsani m'dziko muno. Tikupita kummwera kwenikweni kwa Africa, ku chigawo cha South Africa chotchedwa Western Cape, kumene kuli chigwa chachitali ndi chouma chotchedwa Klein Karoo, ndiko kunena kuti Karoo Wamng'ono. Dzina lakuti Karoo lidachokera kwa anthu a mtundu wa Khoikhoi, amene ankadyetsa ng'ombe ndi nkhosa zao kumeneko Azungu asanafike, ndipo ambiri amati limanena za kuuma kwa dzikolo.

Ife a Sinodi ya Nkhoma tili ndi chibale ndi mbali zimenezi, pakuti Mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape ndiwo udatuma Abusa A.C. Murray ndi Abusa T.C.B. Vlok, amene adakhazika misoni yoyamba pa Mvera pa 28 November 1889. Tidanyamuka ndi mtima wofuna kuona kwao kwa anthu amene adatibweretsera Uthenga Wabwino. Kwaoko tidakuona ndithu, koma katundu wamkulu amene tidabwera naye ndi phunziro la madzi, ndipo ndi amene tifuna kumasula pamaso panu lero.

Khoma lotseka mvula

Tidachoka ku Cape Town m'mwezi wa December, nyengo imene kwathu kuno khasu lili kalikiliki kupalira, pamene kumeneko dzuwa limakhala likuswa mtengo. Titadutsa mu mseu woboola phiri wa Huguenot Tunnel, wotalika pafupifupi makilomita 4, umene udatsegulidwa mu 1988, tidafika pa Worcester. Tauni imeneyi ili ndi malo ake m'mbiri yathu. Dr. Andrew Murray adali mbusa pamenepo m'chaka cha 1860 pamene chitsitsimutso chachikulu chidagwa mu mpingo, ndipo ndi iwo amene pambuyo pake adatsogolera bungwe la abusa limene lidasonkha ndalama zotumizira kwathu kuno A.C. Murray, mwana wa mng'ono wao. Pa Worcester pomwepo adatumikiranso Abusa William Murray, bambo wao wa Dr. W.H. Murray amene adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lija lidatuluka mu 1922.

Kuchokera apo tidapatukira kummawa, kudzera pa Robertson ndi pa Ashton, pakati pa minda ya mphesa yomwera mtsinje wa Breede. Patsogolo pathu padaima mtandadza wa mapiri a Langeberg ngati khoma lopanda khomo. Koma khomo lilipo. Mseu umalowa pa mpata wotchedwa Cogmanskloof, pakati pa matanthwe ofiira opindikapindika ngati mphasa yokulunga, ndipo pamalo ena umaboola thanthwe lenilenilo. Ntchito imeneyi adaitsiriza mu 1877 katswiri womanga miseu, Thomas Bain, amene dzina lake tidzakumana nalonso kutsogoloku.

Munthu akangotulukira kuseri kwa mpatawo, dziko limasintha nkhope. Ana a sukulu amvetse bwino chifukwa chake. Mitambo yochokera ku nyanja yamchere ikafika pa mapiri a Langeberg ndi a Outeniqua imakakamizika kukwera, imazizira, nikhuthula mvula yake ku mbali yoyang'ana kunyanja. Mphepo imene imatsikira kuseri imakhala itauma kale. Zoterezi zimachitikanso kwathu pa phiri la Mulanje: kummwera kwake kuli minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, pamene ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, mvula imachepa. Tsono Klein Karoo ali pakati pa makoma awiri, pakuti kumpoto kwake kulinso mapiri a Swartberg. Pa Oudtshoorn, tauni yaikulu ya m'chigwamo, pamagwa mvula pafupifupi mamilimita 250 pa chaka. Ku Lilongwe timalandira yoposa mamilimita 800. Manambala awiriwa muwasunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Dzuwa logwira ntchito

Tauni yoyamba kuseri kwa mpata ndi Montagu, imene idakhazikitsidwa mu 1851. Nyumba zake ndi zoyera, zina zofolera ndi udzu, ndipo pafupi pake pali kasupe wa madzi otentha. Apa ndipo pamayambira chigawo chokongola cha mseu wotchedwa Route 62. Tidafika nyengo yothyola maapurikoti, zipatso zofanana ndi mapichesi koma zocheperapo. Tidaona zipatso zitang'ambidwa pakati, zitayalidwa pa matabwa mizeremizere, bwalo lonse lili psuu padzuwa. Dzuwa lomwe limapsereza dziko lao, iwo adalisandutsa wantchito wosalipidwa, ndipo zipatso zouma za ku Montagu zimagulitsidwa m'dziko lonselo. Maganizo athu adathamangira kwathu, kumene mwezi womwewo mango amaolera pansi pa mitengo, nkhumba nazo zitatopa nawo. Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Agogo athu ankafutsa nkhwani ndi khwanya, namanga zikwatu zodzadya m'chilimwe. Tidangoleka kulikulitsa.

Koma dziko louma lilinso ndi ukali wake. Pa 25 January 1981 mvula yamphamvu idagwa m'mapiri amenewa. Nthaka youma ndi yopanda chofunda siimwa madzi, imangowataya. Makwawa amene adakhala zaka ali gwaa adadzaza pa maola owerengeka. Ku Laingsburg, kumpoto kwa Swartberg, anthu 104 adafa tsiku limenelo, ndipo pa Montagu pomwe madzi adatenga miyoyo ya anthu ena. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Ife amene tidalira abale athu pa namondwe Freddy mu March 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri.

Nyali ya paphiri

Kuchokera pa Montagu kupita pa Barrydale ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo kuchokera apo kukafika pa Ladismith ndi pafupifupi 80. Mseu ndi wa tala, wosalala, koma munthu amayenda nthawi yaitali osakumana ndi wa njinga kapena mayi wosenza nkhuni monga zimakhalira kwathu. Dziko lili zii. Mapiri ali kumanja ndi kumanzere, obiriwira ngati thambo akakhala patali, ofiira akayandikira. Pansi pali miyala ndi tizitsamba tofika m'maondo, tambiri mwa ito ta masamba onenepa osunga madzi m'kati mwake. Chitsamba china cha kumeneko, chotchedwa spekboom, chili ndi timasamba towawasa timene mbuzi zimakonda ndipo anthu amathanso kudya. Apo ndi apo pamaoneka mpope woyendera mphepo ukuzungulira pamwamba pa chitsime, nkhosa zitaunjikana pa chomwera.

Kenaka mwadzidzidzi pamaoneka kubiriwira: kamzere ka mitengo ya zipatso, munda wa msipu wa ziweto wotchedwa lucerne, nyumba yoyera ndi kadamu pambali pake. Tidazolowera msanga kuti paliponse pamene pali kubiriwira, pali ngalande yochokera kuphiri. Mapiri aatali amagwira mvula ndi chipale chofewa nyengo yozizira, natulutsa timitsinje tating'ono, ndipo pakamwa pa kamtsinje kalikonse ndipo pali munda kapena tauni. Kunena zoona, mapu a matauni a ku Klein Karoo ndi mapu a timitsinje take.

Ladismith ili patsinde pa phiri la Towerkop, lotalika koposa mamita 2,000, limene nsonga yake idang'ambika pakati ngati yoitema ndi nkhwangwa. Anthu ake amalima zipatso ndi kupanga tchizi. Pa tauni imeneyi tidamva nkhani imene tidaikonda koposa. Mu 1963 bambo wina wa pomwepo, Stanley de Wit, adakwera phiri loyandikana nalo la Elandsberg, nakamangirira nyali ya njinga pamwamba, pafupi ndi kamathithi. Madzi ankazunguza kagudumu, kagudumu nikazunguza dainamo, nyali niyaka usana ndi usiku. Kwa zaka zambiri anthu a pa Ladismith ankati kukada amayang'ana kuphiri. Nyali ikamaoneka ankadziwa kuti kasupe ali moyo. Ikazima chifukwa cha kuuma kwa kamtsinjeko, ankadziwa kuti nthawi yosamala madzi yafika. Kodi ndi angati mwa ife amene amadziwa kumene mtsinje wa m'mudzi mwao umayambira, nanga adapitako liti kukaona ngati mitengo ikadalipo?

Mphesa ndi nthenga

Patsogolo pang'ono pali midzi iwiri ya misoni yoyandikana, Zoar wa mu 1817 ndi Amalienstein wa mu 1853. Dzina la Zoar lidatengedwa ku kamudzi kaja Loti adathawirako. Kuno ndiko adapeza pokhala ambiri mwa zidzukulu za Akhoikhoi ndi za akapolo, dziko lao la msipu litagawidwa kwa alimi Achizungu. Pafupi pomwepo pali chigwembe chozama cha Seweweekspoort ndi phiri la mamita 2,325, lalitali koposa onse m'chigawo cha Western Cape, ngakhale kuti silifika pa Sapitwa wathu wa mamita 3,002.

Titatsika mseu wokhotakhota wa Huisrivier tidafika pa Calitzdorp, tauni ya mphesa imene imamwa madzi a damu la pa mtsinje wa Nels, lomalizidwa mu 1918. Mphesa zambiri za kumeneko zimapangidwa vinyo, ndipo apa sitingabise chilonda. Kwa mibadwo yambiri eni minda a ku Cape ankalipira antchito ao mbali ina ya malipiro ndi vinyo. Boma lidaletsa mchitidwewo, koma udachedwa kutha, ndipo udasiya uchidakwa m'mabanja ndi ana obadwa olumala ubongo chifukwa cha kumwa kwa amayi ao ali ndi pakati. Mphatso ya Mulungu ikagwera m'manja osaopa Mulungu imasanduka goli.

Makilomita 50 kuchokera apo ndi Oudtshoorn, kwao kwa nthiwatiwa. Mbalame zimenezi zimawetedwa m'mipanda ngati ng'ombe, ndipo dzira limodzi limalingana ndi mazira a nkhuku pafupifupi 24. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amayi olemera a ku London, Paris ndi New York ankakonda zipewa za nthenga za nthiwatiwa. Pofika 1913 nthenga zidali pa nambala 4 pa katundu wobweretsa ndalama m'dziko la South Africa, pambuyo pa golide, dayamondi ndi ubweya wa nkhosa, ndipo nthiwatiwa zoweta zidaposa 700,000. Alimi adamanga nyumba za miyala zonga za mafumu, zimene alendo amaziona mpaka lero. Koma mu 1914 msika udagwa. Nkhondo yaikulu idayamba, mavalidwe adasintha, ndipo m'galimoto zopanda denga za masiku amenewo chipewa cha nthenga sichinkakhala pamutu. Anthu amene adagona ali olemera adadzuka ali ndi ngongole.

Mlimi wa fodya wa ku Dowa kapena ku Kasungu aganizirepo, pakuti nafenso tidakoleka chuma cha dziko lathu pa tsamba limodzi limene mtengo wake umadulidwa ndi anthu akutali. Chigwa cha Oudtshoorn sichidafe, chifukwa ngalande zimene zinkathirira msipu wa nthiwatiwa zidatsala, ndipo madzi sasankha mbeu. Lero amalima msipu, mphesa ndi mbeu za ndiwo zamasamba, ndipo nthiwatiwa amaziwetera makamaka nyama ndi zikopa.

Pamwamba pa Swartberg

Pa Oudtshoorn tidasiya Route 62 ndi kulunjika kumpoto, kudutsa pafupi ndi mapanga otchuka a Cango, kukakwera phiri la Swartberg. Mseu wa paphiripo ndi wa dothi ndi miyala, woposa makilomita 20, ndipo ndi ntchito ya Thomas Bain yemwe uja. Udatsegulidwa mu January 1888, chaka chomwe A.C. Murray adafika m'dziko lathu. Adaumanga ndi akaidi mazanamazana, ndi mapiki ndi mafosholo. Makoma ochirikiza mseuwo adawamanga posanja miyala yokhayokha popanda matope kapena simenti, kotero kuti madzi a mvula amadutsa m'mipata yake osagwetsa khoma, ndipo akhala chiimire zaka zoposa 130. Pamwamba penipeni ndi mamita 1,583, pafupifupi msinkhu wa tauni ya Dedza. Tidaima pamenepo mphepo ikuomba. Kumbuyo kudali chigwa chimene tidadzera, timinda take tobiriwira tili ngati zigamba pa nsalu yofiirira. Kutsogolo kudali Karoo Wamkulu, chidikha chopanda malire chimene chimakafika mpaka ku Graaff-Reinet, kumene bambo wao wa A.C. Murray adali mbusa. Pakati pathu padalibe wolankhula. Potsika, mseu umapindika ngati njoka pakati pa matanthwe ofiira mpaka kukatulukira pa Prince Albert.

Prince Albert ndi katauni kakang'ono kamene kadayamba ngati munda mu 1762 ndipo kadalandira dzina la mwamuna wa Mfumukazi Victoria mu 1845. Mvula yake ndi yochepa kuposa ya pa Oudtshoorn, komabe kuli mitengo ya azitona, nkhuyu ndi mphesa. Chinsinsi chake chikuyenda m'mbali mwa miseu. Madzi a kamtsinje kochokera ku Swartberg amalowa m'ngalande zomangidwa bwino, ndipo pa bwalo lililonse lokhala ndi ufulu wa madzi pali kachitseko kachitsulo. Mwini bwalo ali ndi tsiku lake ndi ola lake pa sabata. Nthawi yake ikakwana amatsegula kachitseko, madzi nalowa m'munda. Ikatha amatseka kuti madzi apitirire kwa mnzake. Wina nthawi yake imagwa pakati pa usiku, ndipo amadzuka ndi tochi. Pali bungwe loyang'anira ndandanda imeneyi. Kutsegula kachitseko pa ola la mnzako ndi kuba, monga kuba mbuzi m'khola. Tauni yonse ili moyo chifukwa munthu aliyense amatseka pamene akadafuna kupitiriza kuthirira.

Komabe tinene zonse. M'matauni ambiri a m'njira muno, ngalande ndi mithunzi zili ku mbali imene kale kunkakhala Azungu okha. Malamulo a tsankho, amene adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1994, adakankhira anthu ena onse kunja kwa tauni, pa mtetete wopanda mtengo, ndipo kusiyanako kukuonekabe. Mpingo umene udatitumizira amishonale udagwirizana nalo tsankholo zaka zambiri, kufikira mu 1986 pamene Sinodi yake yaikulu idavomera kuti kusankhana mitundu ndi tchimo. Ndandanda ya madzi ndi yabwino, koma imakoma pokhapokha dzina la wosauka lilimo.

Tibwerere kwathu

Achinyamata athu ambiri ali m'minda ya ku Cape lero, kuthyola zipatso za eni ake. Achoka m'dziko la mvula ya mamilimita 800 ndi nyanja yaikulu, kukapempha ntchito m'dziko la mamilimita 250. Zifukwa zake ndi zambiri, ndipo zina si za mlimi wamba, monga kusowa kwa misika, miseu ndi ngongole zoyambira ntchito. Koma pali zina zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, madzi agwidwe pamene agwera. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 800, limakhetsa malita 80,000 pa chaka, ndiko kuti ndowa 4,000 za malita 20. Matchalitchi ndi sukulu zathu zili ndi madenga aakulu kuposa pamenepo, ndipo madzi onsewo amangokumba zigwembe pabwalo. M'minda namonso, akalozera, mizere yotseka, udzu wa vetiva ndi mapesi ophimbira nthaka zimachititsa kuti mvula ilowe pansi m'malo mothawira kudambo ndi chonde chathu.

Chachiwiri, kasupe atetezedwe. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, imene yadyedwa kwambiri ndi makala. Phiri lililonse la m'dera lathu lili ndi Dzalanyama wake wamng'ono. Magulu a achinyamata ndi a Chigwirizano angathe kupempha mafumu malo a pa gwero la mtsinje, nabzalapo mitengo ya m'madzi monga mikuyu, katope ndi mibawa, naisamala mpaka itakula. Kubzala ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chovuta, madzi agawidwe mwachilungamo. Tonse tikudziwa mikangano ya m'madimba m'mwezi wa October, pamene wa kumtunda amatseka mtsinje wonse, wa kumunsi naona tomato wake akufota. Tikudziwa mijigo imene idafa chifukwa ndalama zokonzera zidathera m'thumba la munthu mmodzi. Pa Genesis 26 timawerenga za Isake, amene abusa a ziweto a ku Gerari adakangana naye pa zitsime ziwiri, kufikira adakumba chachitatu chimene sichidabutse mkangano, nachitcha Rehoboti. Mikangano ya madzi ndi yakale chotere, ndipo anthu a Mulungu amadziwika ndi m'mene amaithetsera. Mkulu wa mpingo amene dimba lake lili kumtunda ndiye ayambe kutsegulira anzake. Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana.

Inu makolo, sabata ino tengani ana anu, mutsate mtsinje kapena khwawa la m'mudzi mwanu mpaka kumene limayambira. Muwerenge mitengo imene yatsala ndi zitsa zimene mupeze, ndipo pobwera mukambirane kuti ndani ali kumunsi kwanu amene amamwa madzi otsala kwa inu. Zimene mupeze mutilembere kudzera kwa Mkonzi, ndipo makalata ena tidzawasindikiza pa tsamba lino. Ambuye akusungeni nonse kufikira mwezi wamawa.